Buku la Chimanchu la a Roth Li: lowerengera makalata a boma, osati lochezera

Ndiyambe ndi zomwe ambiri mumafuna kumva musanataye nthawi, buku ili ndi labwino zedi koma si la aliyense, ndipo ngati cholinga chanu ndi choti mudzapatse munthu moni m'Chimanchu n'kuyamba kucheza naye ndiye sungani ndalama zanu. Dzina lake likunena kale, Manchu: A Textbook for Reading Documents, kutanthauza kuti ndi lophunzitsa kuwerenga zikalata basi, ndipo mayi amene analilemba, a Gertraude Roth Li, ndi katswiri wa mbiri yakale osati mphunzitsi wa macheza. Linatuluka koyamba mu 2000 ku University of Hawai'i Press kenako linadzasindikizidwanso mu 2010. Langali ndi loyambalo, la kaunjika titero, ndinagula kwa wogulitsa wina pa intaneti yemwe analemba kuti lili bwinobwino koma litafika ndinapeza masamba oyambirira odzadza ndi pensulo ya mwini wake wakale, amene zikuoneka kuti anagwa ulesi asanafike patali chifukwa kuyambira pakati mpaka kumapeto ndi loyera kuti mbee.

Kwa amene mukumva dzinali koyamba, Chimanchu ndi chiyankhulo cha anthu omwe analamulira China kuyambira 1644 mpaka 1912, ufumu umene mabuku amautcha Qing koma eni ake ankati Daicing gurun. Anthuwa sanali a mtundu wa Han womwe ndi waukulu ku China, anachokera kumpoto chakum'mawa komwe lero kuli zigawo za Liaoning, Jilin ndi Heilongjiang, ndipo makolo awo ndi a Jurchen aja anali ndi ufumu wa Jin kuyambira 1115 mpaka 1234 pomwe a Mongol anaugwetsa. Dzina loti Manju analikhazikitsa ndi mfumu Hong Taiji mu 1635. Pakati pa chiyankhulo chawo ndi Chitchaina palibe ubale olo pang'ono, mulibe matoni anayi aja amazunza aliyense wophunzira Chitchaina, mawu ake ndi aataliatali olumikizalumikiza ngati mmene timachitira ife. Chomvetsa chisoni n'choti kalembera wa mu 2010 anapeza anthu opitirira 10 miliyoni odzitcha a Manchu, koma omwe anayamwa chiyankhulochi ali khanda atsala nkhalamba zowerengeka chabe, makamaka m'mudzi wa Sanjiazi kufupi ndi Qiqihar. Ena onsewo amayankhula Chitchaina.

Ine zilembo zake ndinaziona koyamba ndili pa sukulu ku China, pa zikwangwani za nyumba yachifumu ya ku Shenyang, mzinda womwe a Manchu ankautcha Mukden, mbali ina Chitchaina mbali ina timizere totsika pansi. Ku Forbidden City, nyumba yachifumu ya ku Beijing, nakonso zikwangwani za mkatikati mwa mpanda zidakali ndi zilembo ziwirizi. Anthu ambiri ukawafunsa amangoti n'Chimongoliya chimenecho, ndipo sindiwaimba mlandu chifukwa zimafanana kwambiri. Zomwe zili kuseri kwa ndalama ya pepala ya yuan zija ndiye n'Chimongoliya chenicheni, Chimanchu pamenepo palibe, chimapezeka pa makobidi akale a nthawi ya Qing aja ali ndi bowo pakati.

Gawo la zilembo m'bukuli ndi lomwe ndinganene kuti ndalama yanga inabwerera. Mbiri yake ndi yakuti mu 1599 mtsogoleri wawo Nurhaci, bambo wake wa Hong Taiji uja, analamula anthu awiri, Erdeni ndi Gagai, kuti atenge zilembo za Chimongoliya azilembera chiyankhulo chawo, ndipo zilembo za Chimongoliyazo zinachokera kwa a Uyghur akale omwenso anazitenga kwa a Sogdian, ukazitsata mpaka kumapeto umakafika ku Chiaramu, chiyankhulo chomwe chija timachimva m'nkhani za Baibulo, kungoti panjira zinatembenuzidwa n'kuyamba kutsika kuchoka pamwamba kupita pansi, mizere yake n'kumayenda kuchoka kumanzere kupita kumanja. Vuto linali loti chilembo chimodzi chinkaimira maliwu angapo ndiye wowerenga ankangolota. Mu 1632 munthu wina dzina lake Dahai anawonjezera timadontho ndi timabwalo kumbali kwa zilembo, n'kupanganso zilembo zapadera zolembera mawu obwereka ku Chitchaina. Kalembedwe katsopanoka amakatcha tongki fuka sindaha hergen, zilembo zoikidwa madontho ndi mabwalo, ndipo ndi kamene bukuli limayamba kukuphunzitsa.

Musanamizidwe kuti poti ndi alifabeti ndiye n'zophweka. Chilembo chilichonse chili ndi maonekedwe ake chikakhala koyamba kwa liwu, ena chikakhala pakati, enanso kumapeto. Pakati pa liwu a ndi e ndi kadzino kamodzimodzi, kusiyana kwake ndi kadontho ka kumanja basi, o ndi u chimodzimodzi. Ndiye pali n yemwe amakhala ndi kadontho kumanzere akatsogozana ndi vawelo koma akakumana ndi konsonanti kadonthoko kamasowa n'kutsala kadzino kofanana ndendende ndi a, moti umachita kuwerenga timano timodzitimodzi ndi nsonga ya pensulo. Apo k alibe kanthu, g ali ndi dontho, h ali ndi kabwalo, ndipo dontho likagwira kale ntchito yosiyanitsa t ndi d silingagwirenso ntchito yosonyeza e, ndiye umazindikira vaweloyo poona mtundu wa t kapena d umene walembedwa. Zimenezi a Roth Li anazifotokoza mwadongosolo ndipo ukakhala nazo pansi zimalowa, koma pamafunika kulemba ndi dzanja kangapo konse, kungoyang'ana sikuthandiza. Polemba m'zilembo zathuzi bukuli limatsata njira ya mu 1892 ya katswiri wa ku Germany, Möllendorff, mmene c amatchulidwa ngati ch wathu, anzathu a ku Zambia amene amalemba kuti Cinyanja apa sangadabwe ayi.

Ukangodutsa zilembo, mayiwa sakunyengerera. Palibe zoti uyu ndi galu, galu akuthamanga. Amakuponya mu zolemba zenizeni za nthawi ya Qing, kuyamba ndi mbiri za akuluakulu a Chisilamu a kumadzulo kwa ufumuwo, dera lomwe pano ndi Xinjiang, kenako malipoti opita kwa mfumu, ndipo nkhani iliyonse imabwera m'zilembo za Chimanchu, m'zilembo zathuzi, mndandanda wa mawu atsopano ndi ndemanga za galamala. Poyamba zimawawa, chifukwa chiganizo choyamba chomwe chimadzadza ndi mayina a anthu ndi malo achilendo komanso maudindo omwe sudziwa ngati ndi dzina la munthu kapena ndi mpando wake, wang, beile, gung, amban, ndipo ndikukhulupirira kuti mwini wake wakale wa buku langali anathawira pomwepa. Koma ine ndikuona kuti njira imeneyi ndi yolondola pa chiyankhulo ngati ichi. Munthu ukuphunzira Chimanchu kuti ukawerenge chani ngati si zomwezi? Bola kukumana nazo tsiku loyamba kusiyana n'kutha chaka ukuwerenga za galu kenako n'kudzakomoka utaona lipoti lenileni.

Ndipo malipotiwo ndi okoma mwa njira yake ukazolowera. Nduna ya Chimanchu polembera mfumu inkadzitcha aha, kapolo, olo ikhale kazembe wamkulu wa asilikali. Imalemba masamba ndi masamba, kubwereza zomwe inalamulidwa, kubwereza zomwe wina ananena, kenako mfumu n'kuyankha ndi inki yofiira liwu limodzi lokha, saha, ndadziwa. Amene munagwirako ntchito m'boma mukudziwa mmene zimamvekera kkk. Zaka nazo saziwerenga ngati ife, amawerenga potengera ulamuliro wa mfumu, ndiye uyenera kudziwa kuti Elhe taifin ndi nthawi ya Kangxi, Abkai wehiyehe ndi ya Qianlong, ndipo ukaona chaka cha 29 cha Abkai wehiyehe uwerengetse wekha kuti ndi 1764. Zoterezi ndi zomwe bukuli limakuzoloweretsa, zinthu zomwe dikishonale payokha singakuuze.

Chifukwa chomwe anthu amavutikirabe ndi chiyankhulo choti eni ake anachisiya ndi mapepalawa. Ku First Historical Archives ku Beijing kuli zikalata za Chimanchu pafupifupi 2 miliyoni, ndipo kwa nthawi yaitali akatswiri ankaganiza kuti zonsezo ndi makope chabe a zomwe zinalembedwa m'Chitchaina, mpaka cha m'ma 1980 pomwe anayamba kuona kuti nkhani zambiri za nkhondo, za m'malire ndi za kubanja lachifumu zinalembedwa m'Chimanchu mokha. Pangano la Nerchinsk la mu 1689 pakati pa Qing ndi Russia linalembedwa m'Chilatini, Chirasha ndi Chimanchu, omasulira ake anali ansembe a Chijezuiti. Ngakhale dzina la chilumba cha Sakhalin linachokera ku Sahaliyan ula, mtsinje wakuda, momwe a Manchu ankatchulira mtsinje wa Amur.

Tsopano pa galamala, apa ndi pomwe ife a Chichewa tili ndi mwayi womwe wolemba bukuli sanauganizire chifukwa iye ankalembera anthu a Chingerezi. Dongosolo la chiganizo ndi losiyana ndi lathu, mneni amabwera kumapeto, bi bithe be hūlambi ndiye kuti ine buku ndikuwerenga, ka be kaja kakusonyeza pamtherankhani. Tizinthu timene ife timaika kutsogolo iwo amaika kumbuyo, boo ndi nyumba, boo de ndi panyumba, boo ci ndi kuchokera kunyumba. Magulu a mayina kulibe, agwirizanitsi aja tinkalakwa pa mayeso kulibenso. Koma ukafika pa msintho wa aneni umangomwetulira wekha. Tuwambi ndi kuona, tuwanambi ndi kukaona, tuwanjimbi ndi kudzaona, ndendende ka ndi dza wathu uja, pomwe m'Chingerezi amachita kufotokoza ndi mawu ambirimbiri kuti munthu amvetse. Aisilambi ndi kuthandiza, aisilandumbi ndi kuthandizana. Ka bu kakalowa pakati, tuwabumbi, ndiye kuonetsa, kungoti ka bu komweko kamagwiranso ntchito ya msintho wochitidwa moti liwu lomwelo litha kutanthauza kuonedwa, umasiyanitsa poona ngati munthu winayo watsatiridwa ndi be kapena de. Pamenepo pokha ndiye chathu chili bwino chifukwa itsa ndi idwa sitiwasokoneza.

China chomwe chinandisangalatsa ndi sembi, mneni wotanthauza kunena, yemwe akasanduka seme amagwira ntchito zonse zomwe kuti wathu amagwira. Amatsekera mawu omwe munthu wanena, amasonyeza cholinga, komanso amanyamula mivekero, cib seme ndi kukhala chete kuti zii, tuk tuk seme ndi kugunda kwa mtima. Musathamangire kunena kuti ndiye ndi abale athu, ayi ndithu, palibe ubale uliwonse pakati pa Chimanchu ndi ziyankhulo za Bantu, zangochitika kuti anthu otalikirana anapeza njira zofanana. Ali ndi zawonso zomwe ife tilibe, mwachitsanzo ife wawo ali pawiri, muse ndi ife kuphatikizapo iwe amene ndikuyankhula nawe, be, osati wa pamtherankhani uja, ndi ife koma iweyo mulibemo. Ndiye pali kaseweredwe ka mavawelo koti chachimuna chimatenga a chachikazi e, haha mwamuna hehe mkazi, amha apongozi aamuna emhe apongozi aakazi, ama ndi bambo eme ndi mayi, inde ama ndi bambo, zimatenga nthawi kuti mutu uvomere.

Chovuta chenicheni pa galamala ndi kutalika kwa ziganizo. Aneni amalumikizana ndi timathero monga me, fi, ci, cibe, uyu atachita chakuti, pochita chakuti, akachita chakuti, ngakhale anachita chakuti, n'kumangopitirira mizere khumi mneni womaliza asanafike, ndipo mwininkhani amatha kusintha pakati osakuuza. Ndemanga za m'bukuli zimathandiza koma galamala yake inamwazikana m'maphunziro osiyanasiyana ndi m'gawo lakumapeto ndiye umakhalira kutembenuza masamba uku ndi uku.

Ndifike pomwe ndikuona kuti bukuli ndi loperewera, ngakhale kunena chilungamo silinalonjeze zimenezi. Za abale a Chimanchu limangokhudza pang'ono n'kudutsa, ndipo munthu utha kulimaliza n'kumaganiza kuti ukudziwa mmene ziyankhulo za banja lake lotchedwa Tungusic zimakhalira, chonsecho waphunzira chomwe chili chosiyana kwambiri ndi zinzake zonse. Chimanchu chili ngati m'bale uja anapita kutauni kalekale n'kulowa ntchito m'boma, mapepala ali nawo ambiri, suti ali nayo, koma akabwera kumudzi kayankhulidwe kake kamamveka kuti kanapepuka. Banjali lili ndi ziyankhulo khumi ndi kangapo zomwazikana dera lalikulu zedi. Kumpoto kuli Chievenki, chomwe eni ake ambiri ndi alenje ndi oweta mphalapala za kumalo ozizira, kuyambira ku mtsinje wa Yenisei mpaka ku nyanja ya Okhotsk, pamodzi ndi Chieven, Chinegidal, komanso Chioroqen ndi Chisolon mbali ya China. Chakumunsi kwa Amur kuli Chinanai cha asodzi, omwe ku China amawatcha a Hezhe, ndi Chiulch, pa Sakhalin pali Chiuilta, m'nkhalango za kufupi ndi nyanja kuli Chiudege ndi Chioroch. Kenako ndiye nthambi ya Chijurchen, Chimanchu ndi Chisibe. Dzina loti Tungus lomwelo ndi lomwe anthu a ku Russia ankaitanira a Evenki kale.

Ubale wake suchita kufunsa ukayika mawu pamodzi. Zitatu ndi ilan m'Chimanchu, m'Chinanai ndi m'Chievenki momwe, zisanu ndi ziwiri ndi nadan konsekonse. Zisanu Chimanchu chimati sunja pomwe Chievenki chimati tunnga. Madzi ndi muke m'Chimanchu, mue m'Chinanai, mu m'Chievenki. Ndipo pali kusintha kwa maliwu kotsata lamulo, pomwe Chinanai chasunga p koyamba kwa liwu Chimanchu chili ndi f, Chievenki chili ndi h, hamala ndi paloa, folho, halka motsatana choncho, ndipo chofiira ndi fulgiyan m'Chimanchu hulama m'Chievenki. Zinthu ngati izi tsamba limodzi lokha likanakwana m'bukuli ndipo wophunzira akanaona chiyankhulochi ndi maso ena.

Koma kusiyana kwake ndi komwe kuli nkhani. M'Chimanchu mneni sasintha potengera amene akuchita, bi genembi, si genembi, i genembi, ndikupita ukupita akupita liwu ndi lomwelo, pomwe m'Chievenki mneni amanyamula chizindikiro cha munthu ngati mmene ife timachitira ndi ndi, u, a, kungoti iwo amachiika kumapeto. Nyumba yanga, yako, yake m'Chimanchu ndi mini boo, sini boo, ini boo, mawu awiriawiri, koma m'Chievenki dyu imangosanduka dyuv, dyus, dyun. Timathero ta mayina tosonyeza malo, njira, chida ndi zina Chievenki chili nato topitirira khumi, Chimanchu chili ndi tisanu tokha kapena kuposa pang'ono malinga ndi mmene wowerengayo akuwerengera. Akatswiri ambiri amaloza ku zaka mazanamazana zomwe a Jurchen ndi a Manchu anakhala moyandikana ndi a Mongol ndi Atchaina, ali alimi okhala m'midzi osati oyendayenda m'nkhalango, ndipo mawu obwereka akuchitira umboni, orin makumi awiri ndi gūsin makumi atatu akufanana ndi a Chimongoliya, maudindo ambiri a boma ndi a Chitchaina.

N'chifukwa chake ngakhale malo ake m'banjamo anthu sagwirizana. Kagawidwe kakale kamati pali nthambi ya kumpoto ndi ya kumwera, Chimanchu n'kuchiika kumwera limodzi ndi Chinanai. Akatswiri a ku Russia banja lonse amalitcha Tungus-Manchu, ngati kuti Chimanchu chaima pachokha mbali ina ena onse mbali ina, ndipo dikishonale yaikulu yofananitsa ziyankhulozi inatuluka ku Leningrad mu 1975 ndi 1977 motsogozedwa ndi mayi Vera Cincius. Katswiri wa ku Japan, Ikegami Jirō, anagawa banjali m'magulu anayi, la Chievenki, la Chiudege, la Chinanai ndi la Chimanchu, ndipo ambiri masiku ano amayambira pamenepo. Ine kagawidwe ka panayika ndi komwe kamandimvekera, chifukwa kuika Chimanchu thumba limodzi ndi Chinanai kumabisa kuti Chinanai chidakali ndi zambiri zomwe Chimanchu chilibe. Za nkhani yoti banja lonseli ndi limodzi ndi Chimongoliya ndi Chiteki pansi pa dzina loti Altaic, imeneyo ndi mkangano wosatha ndipo ambiri pano amati kufananako n'kobwerekana, sindilowamo.

Abale akumpotowo nawo zinthu sizili bwino, musaganize kuti poti Chimanchu chikutha ndiye enawo ali pabwino. Kalembera wa ku Russia wa mu 2010 anapeza a Evenki oposa 37,000 koma oyankhula chiyankhulo chawo osakwana 5,000, ndipo Chinegidal ndi Chiuilta zatsala ndi anthu ochepetsetsa. Zambiri mwa izo zinayamba kulembedwa m'ma 1930 momwemu, poyamba m'zilembo za Chilatini kenako za Chirasha. Ndiye Chimanchu, komanso Chijurchen chomwe chinali ndi zilembo zakezake kuyambira 1119, ndi zokhazo m'banja lonse zomwe zili ndi zolembedwa zakale, n'chifukwa chake aliyense wofufuza mbiri ya banjali amadutsira pomwepa ngakhale chili chosiyana ndi zinzake.

Chomwe a Roth Li anachita bwino kwambiri, ndipo ndikuwayamikira, ndi kuikamo zowerenga za Chisibe cha masiku ano. A Sibe ndi anthu omwe mu 1764, chaka cha 29 cha Abkai wehiyehe chija, mfumu Qianlong inatumiza asilikali awo pafupifupi 1,000 pamodzi ndi mabanja awo kuchoka dera la Mukden kupita ku chigwa cha Ili kumalire akumadzulo, ulendo wopitirira chaka pa ngolo ndi pansi, kuti akalondere malire nkhondo yolimbana ndi a Mongol otchedwa Dzungar itatha. Sanabwererenso. Zidzukulu zawo zili ku Qapqal ku Xinjiang kufupi ndi malire a Kazakhstan, mpaka pano amakumbukira ulendowo chaka ndi chaka pa tsiku la 18 la mwezi wachinayi pa kalendala yoyendera mwezi, ndipo poti anali kutali n'kwawo atazunguliridwa ndi a Kazakh ndi a Uyghur, chiyankhulo anachisunga pomwe kwawo kwenikweniko chinkatha. Oyankhula alipo masauzande angapo, ambiri amati pafupifupi 30,000, ali ndi nyuzipepala yawo ya Cabcal Serkin, ndipo zilembo anazikonzako pang'ono mu 1947. Boma la China limachiwerenga ngati chiyankhulo pachokha ndipo eni ake amadzitcha a Sibe osati a Manchu, koma ukafika gawo limeneli m'bukuli umapeza kuti cholembedwacho ukuchimva ndi Chimanchu chomwe waphunzira chija, mawu atsopano okha ndi omwe amakuimitsa. Choyankhulidwa ndiye china, amameza mavawelo ndipo katchulidwe kanasuntha kwambiri, ndiye musaganize kuti mukamaliza bukuli mukatsika basi ku Qapqal n'kuyamba kutsutsana mitengo pamsika.

Muli gawo linanso la Chimanchu chakale, cha nthawi ya Nurhaci madontho asanabwere. Limenelo ndi la anthu olimba mtima, ine ndinangolidutsa mwaulemu.

Mawu a kumapeto kwa bukuli amakwanira zowerenga za momwemo basi, mukafuna kuwerenga china chilichonse kunja mufunika dikishonale. Yodziwika ndi ya Jerry Norman, A Comprehensive Manchu-English Dictionary, yomwe inatuluka ku Harvard mu 2013 mwini wake atamwalira kale mu 2012, ndipo ndi yokulitsa ya ina yaing'ono yomwe anatulutsa mu 1978. Mawu ake anawasanja m'zilembo zathuzi ndiye ngati wawerenga molakwa kadontho kamodzi sulipeza liwulo, umayamba kuyesa a m'malo mwa e, o m'malo mwa u mpaka litatuluka. Pa intaneti pali dikishonale yotchedwa Buleku yomwe imathandiza pamene thumba silikulola, dzinalo limatanthauza galasi loyang'anira, momwe a Manchu ankatchulira madikishonale awo kuyambira ija ya mfumu Kangxi ya mu 1708. Kulemba Chimanchu pa foni ndiye ndi mavuto ena, zilembo zake zilimo m'makina limodzi ndi za Chimongoliya koma malo ambiri zimatuluka chogona m'malo motsika pansi, pena timabokosi tokhatokha, ine ndinangosiya n'kubwerera ku kope ndi pensulo.

Chinanso choti mudziwe, bukuli ndi la m'Chingerezi cha kuyunivesite ndipo limayenda bwino ngati mbiri ya China mukuidziwako kale, monga kuti jakūn gūsa, mbendera zisanu ndi zitatu zija, anali magulu omwe a Manchu onse anagawidwamo pa usilikali ndi pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Chitchaina sichofunika kuti muyambe koma amene anachiphunzirako amazindikira msanga maudindo ndi mayina a malo obisala m'zilembo za Chimanchu. Mtengo wake ukaphatikiza ndi zotumizira kubwera kuno si wamasewera, ndiye ngati muli ndi m'bale ku Britain, ku America kapena ku Joni amene akubwera bola kumutuma.

Amene ndingawauze kuti gulani ndi ophunzira mbiri ya China, anzathu omwe ali pa sukulu ku Harbin, Changchun kapena Shenyang omwe zikwangwanizi amaziona ndipo akufuna kudziwa zomwe zalembedwa, ndi anthu a za ziyankhulo omwe akufuna kuona chiyankhulo cholumikiza mawu chomwe si cha Bantu. Koma a gulu lomalizali muwerenge ndi galamala ya Chievenki kapena Chinanai pambali, apo ayi mudzatenga Chimanchu ngati chithunzi cha banja lonse. Ndipo ngati mukugula logwiritsidwa kale ntchito, funsani wogulitsayo akutumizireni zithunzi za masamba a zilembo musanalipire, pensulo ya munthu wina ikadutsa pa timadontho tija simungadziwenso kuti dontho la Dahai ndi liti la mwini wake wakale ndi liti.